MUTU 12: KUZUKUTA MABUKU A ANA OKHALA NDI ZITHUNZI

Zolinga

Pomaliza pa mutu uno mudzatha:
1. kufotokoza tanthauzo la buku la zithunzi;
2. kutchula mphoto ziwiri za mabuku otere ndi momwe amasankhira opambana;
3. kuzukuta buku la zithunzi monga mmene mumazukutira nthano kapena sewero;
4. kupanga buku lanulanu ndi kuwerengera ana.

Chiyambi

Mwina mukudabwa kuti inu anthu akuluakulu a Fomu 3 ndi Fomu 4, amene mukulimbana ndi ndakatulo, masewero ndi nthano zazitali, tikubweretsereninji buku la mwana wa ku sukulu ya mkaka. Dekhani. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Chifukwa choyamba n'chakuti buku la zithunzi ndi lalifupi, loti mutha kulimaliza tiyi asanazizire, komatu muli zonse zimene mayeso amafunsa: malo, nthawi, atengambali, tsatanetsatane wa nkhani, mkangano, mfundo zazikulu ndi phunziro. M'nthano yaitali zinthu zimenezi zimamwazikana m'masamba mazanamazana. M'buku la zithunzi zili poyera. Mukazipeza muno, simudzavutika kuzipeza m'mabuku anu a mayeso.

Chifukwa chachiwiri chili kwanu komwe. Kunyumba muli ndi mng'ono wanu kapena mlongo wanu amene wangoyamba kumene Sitandade 1. Iyeyo akakonda buku panopa adzalikonda mpaka kalekale, ndipo akaliona ngati chilango adzalithawa moyo wake wonse. M'mera mpoyamba.

Mfundo imodzi yoti muigwiritsitse m'mutu uno ndi iyi: m'buku la zithunzi muli ofotokoza nkhani awiri, mawu ndi zithunzi. Wowerenga mawu okha wamva theka la nkhani.

Kodi buku la zithunzi n'chiyani?

Musalisokoneze ndi buku wamba limene angoikamo zithunzi apo ndi apo. M'buku lanu la Bayoloje muli zithunzi, ndipo m'nthano zina zazitali mumapezeka chithunzi chimodzi kapena ziwiri. Mutachotsa zithunzi m'nthano yotere, nkhani itha kumvekabe bwinobwino. Buku la zithunzi lenileni mukalichotsa zithunzi, nkhani imagwa ngati nyumba yoizula nsanamira.

Mabuku ambiri otere amakhala ndi masamba 32. Nambala imeneyi idachokera kwa osindikiza. Makina amadinda masamba ambiri papepala limodzi lalikulu, kenaka pepalalo amalipinda ndi kulidula, choncho masamba amatuluka m'magulu a 8 kapena 16. Masamba oyambirira amathera mutu wa buku ndi zina za osindikiza, ndiye mlembi amatsala ndi malo ochepa zedi. Liwu lililonse liyenera kugwira ntchito, ndipo zimene mawu alephera kunyamula amazisenzetsa wojambula.

Mawu ndi zithunzi zimagwirizana m'njira zitatu.

Njira yoyamba: chithunzi chimabwereza zimene mawu anena. Mawu akati mwana wanyamula mtsuko, chithunzi chimaonetsa mwana ndi mtsuko wake. Izi zimathandiza mwana amene akuphunzira kumene kulumikiza malembo ndi zinthu.

Njira yachiwiri: chithunzi chimawonjezera pa mawu. M'buku la Maurice Sendak lotchedwa Where the Wild Things Are, la mu 1963, mnyamata Max amatumizidwa kuchipinda atachita zamwano, ndipo m'maganizo mwake amapita kudziko la zilombo. Zithunzi zimayamba zazing'ono n'kumakulirakulira pamene Max akulowa m'dziko limenelo, mpaka zimadzaza masamba onse, mawu n'kutheratu kwa kanthawi. Akamabwerera kwawo zimachepanso. Kukula kwa chithunzi ndiye kukuuza wowerenga kuti nkhani yafika pampondachimera.

Njira yachitatu: chithunzi chimanena zimene mawu abisa. Pat Hutchins adalemba ndi kujambula Rosie's Walk mu 1968. Mawu onse ndi chiganizo chimodzi chokha chonena za nkhuku yathadzi imene yapita kukawongola miyendo n'kubwerera kukhola. Mawuwo satchula nkhandwe ngakhale kamodzi. Koma pazithunzi nkhandwe ili pambuyo penipeni, ikufuna kuimbwandira, ndipo nthawi iliyonse imakumana ndi tsoka: imagwera m'dziwe, imatitimira pamulu wa udzu, ufa umaikhuthukira, mapeto ake njuchi zimaithamangitsa. Mwana woonera amadziwa zimene nkhuku sikudziwa, ndipo n'chifukwa chake amaseka mpaka kugwira nthiti.

Mphoto za mabuku a zithunzi

Mphoto yotchuka kwambiri ndi Mendulo ya Caldecott ya ku America. Idayamba kuperekedwa mu 1938, ndipo dzina lake ndi la Randolph Caldecott, wojambula wa ku Mangalande amene adabadwa mu 1846 n'kumwalira mu 1886. Woyamba kuilandira adali Dorothy Lathrop. Amaipereka ndi a bungwe la malaibulale la American Library Association kudzera m'nthambi yake yoona za ana. Komiti ya anthu 15, ambiri mwa iwo ogwira ntchito m'malaibulale, imawerenga mabuku amene atuluka m'chaka, n'kulengeza zotsatira kumayambiriro kwa chaka chotsatira. Dziwani kuti mendulo imeneyi imapita kwa wojambula. Buku la Sendak lija lidaipata mu 1964.

Buku lopambana limakhala limodzi, koma komiti imatchulanso mabuku ena ochepa amene adafika kumapeto kwa mpikisano. Kuyambira mu 1971 mabuku oterewa amatchedwa Caldecott Honor, kutanthauza mabuku opatsidwa ulemu. Pachikuto cha buku lopambana amamatapo chidindo cha mtundu wagolide, ndipo pa opatsidwa ulemu amamatapo cha mtundu wasiliva.

Musaganize kuti buku lachidindo chasiliva ndi lolephera. Wojambula wina, Jerry Pinkney, adapatsidwa ulemu umenewu kasanu konse asanalandire mendulo yeniyeni mu 2010. Buku limene lidamupambanitsa ndi The Lion & the Mouse, nthano yakale ya mkango ndi mbewa imene iye adaiika m'chipululu cha Serengeti n'kuifotokoza pafupifupi ndi zithunzi zokhazokha.

Ku Britain kuli mphoto ina imene idakhazikitsidwa mu 1955 ndi dzina loti Mendulo ya Kate Greenaway. Kuyambira mu 2023 imatchedwa Carnegie Medal for Illustration. Kumeneko amayamba alengeza mndandanda wa mabuku ochepa amene afika m'ndime yomaliza. Magulu a ana m'masukulu amawerenga mabukuwo, amakambirana, amalemba maganizo awo ndipo amavotera buku lawo lakumtima, pamene oweruza akuluakulu nawonso akusankha lawo. Nthawi zina ana ndi oweruza amagwirizana, nthawi zina ayi. Ntchito 1 ya m'mutu uno tatengera pamenepa.

Chenjezo: mphoto iliyonse ili ndi malire ake. Mendulo ya Caldecott imaperekedwa kwa nzika ya America kapena munthu wokhala m'dzikolo, ndipo bukulo liyenera kusindikizidwa komweko m'Chingerezi. Wojambula wa ku Zomba kapena ku Chipata, wokhala kwawo ndi kulemba m'Chichewa, sangalowe nawo ngakhale luso lake litakhala lotani. Tsono kusowa chidindo pachikuto sikutanthauza kuti buku n'lachabe. Inu phunzirani kuweruza nokha.

Chitsanzo: Mufaro's Beautiful Daughters

Tiyeni tizukute limodzi buku limene lidafika kumapeto koma silidatenge mendulo. Adalilemba ndi kulijambula John Steptoe, munthu wakuda wa ku New York amene adabadwa mu 1950 n'kumwalira mu 1989. Lidatuluka mu 1987 ndipo mu 1988 lidapatsidwa ulemu wa Caldecott. Chaka chimenecho mendulo idapita kwa John Schoenherr chifukwa cha buku la Owl Moon. Patapita zaka 29, mu 2017, mwana wa Steptoe, Javaka, adalandira mendulo imene bambo ake sadaione.

Nkhani mwachidule

Bambo Mufaro ali ndi ana aakazi awiri okongola, Manyara ndi Nyasha. Manyara ndi wamtima wapachala ndipo amazunza mbale wake bambo awo akayang'ana kumbali. Nyasha ndi wofatsa. Ali ndi kadimba kake, ndipo tsiku lina akupeza kanjoka m'dimbamo, n'kukalandira bwino ndi kukatcha dzina loti Nyoka. Kenaka kukubwera uthenga wakuti mfumu yaikulu ikufuna mkazi. Manyara akuzemba usiku kuti akafike yekha poyamba. M'nkhalango akumana ndi kamnyamata kanjala, akukamana chakudya. Akumananso ndi gogo wina amene akumulangiza za m'njira, iye akunyozera. Kutacha, Nyasha akudzera njira yomweyo pamodzi ndi bambo ake ndi anthu a m'mudzi. Kamnyamata kaja akukapatsa chilazi, gogo uja akumupatsa njere za mpendadzuwa. Atafika kumzinda akukumana ndi Manyara akuthawa, akulira kuti m'nyumba ya mfumu muli chinjoka chamitu isanu. Nyasha akulowa ndipo akupeza kanjoka kake kaja. Kanjokako kakusanduka mfumu, ndipo mfumuyo ikuulula kuti kamnyamata ndi gogo uja idali iyo yomwe. Nyasha akukhala mfumukazi, Manyara akukhala wantchito wake.

Malo ndi nthawi

Nkhani ikuchitika kalekale, m'mudzi, m'nkhalango ndi mumzinda wa mfumu. Pojambula mzindawo Steptoe adatengera mabwinja a Great Zimbabwe, kufupi ndi Masvingo, kumene makolo a anthu olankhula Chishona adamanga makoma amiyala popanda dothi lomatira. Mitengo ndi maluwa adatengeranso za chigawo chomwecho. Apa zithunzi zanena zimene mawu sadatchule: kuti ku Africa kudali mizinda yaulemerero azungu asanafike.

Atengambali

Mayina onse ndi a Chishona ndipo ali ndi tanthauzo. Mufaro ndi chimwemwe, Nyasha ndi chifundo, Manyara likuchokera ku liwu la kuchita manyazi, ndipo Nyoka ndi njoka. Mwaona kufanana kwake ndi Chichewa? Zilankhulo ziwirizi n'zapachibale. Mwana wa ku America ayenera kuuzidwa matanthauzo amenewa, pamene inu mayina awiri omalizawo mwawamva nokha. Dzina la Manyara likulosera mathero ake: adzachita manyazi basi.

Vuto la wojambula lidali lakuti mawu akuti atsikana onse awiri ndi okongola. Sakadatha kujambula woipa mtimayo ali wonyansa, monga amachitira ojambula aulesi. Kusiyana kwawo kuyenera kuonekera pa nkhope, pa kayang'anidwe ndi pa kaimidwe. Mukapeza bukuli, yang'anitsitsani maso ndi milomo ya aliyense.

Tsatanetsatane wa nkhani

Msana wa nkhaniyi ndi kubwereza. Pali maulendo awiri, njira imodzi, mayesero ofanana, koma mayankho osiyana. Ulendo wa Manyara ndi wausiku, wa Nyasha ndi wammawa, ndiye mdima ndi kuwala zikukhala zizindikiro za mitima yawo. Pampondachimera ndi pamene Nyasha akulowa yekha m'nyumba ya mfumu atamva kale za chinjoka. Kubwereza kotere ana amakukonda chifukwa amatha kulosera zimene zichitike patsamba lotsatira.

Mfundo zazikulu ndi phunziro

Mfundo zazikulu ndi chifundo, kudzikonda, nsanje ndi ulemu kwa onyozeka. Phunziro lake agogo athu adalinena kale: chikomekome cha nkuyu m'kati muli nyerere. Mwinanso mudamvapo nthano ya kwathu kuno ya ana awiri okumana ndi nkhalamba yopempha kuti aipukute manthongo, wina n'kuvomera, wina n'kuilavulira. Mafupa a nthano ndi omwewo, chasiyana ndi mnofu.

Komabe wozukuta wabwino samangowomba m'manja. Dzifunseni: kodi n'chifukwa chiyani mphotho ya mtsikana wabwino ikukhala kukwatiwa ndi mfumu? Kodi kusandutsa Manyara wantchito wa mbale wake ndi chilango choyenera? Nanga Bambo Mufaro, amene sadadziwe zochitika m'nyumba yawo yomwe, alibe mlandu? Mafunso otere alibe yankho limodzi. Pamayeso chofunika n'chakuti mupereke maganizo anu ndi umboni wochokera m'nkhani.

Mabuku onena za Malawi

Pali mabuku a zithunzi otchuka kunja amene nkhani zake zikuchitikira m'dziko muno. Karen Lynn Williams, amene adakhalapo ku Malawi, adalemba Galimoto mu 1990, ndipo adajambula ndi Catherine Stock. Ndi nkhani ya Kondi, mnyamata wa zaka 7 amene akusakasaka mawaya tsiku lonse kuti apange galimoto yake. Mu 2012 mudatulukanso buku la ana la The Boy Who Harnessed the Wind, lolembedwa ndi William Kamkwamba ndi Bryan Mealer, lojambulidwa ndi Elizabeth Zunon. Likusimba mmene Kamkwamba, ali ndi zaka 14, adapangira makina amagetsi oyendera mphepo kwawo ku Wimbe m'boma la Kasungu.

Taonani kuti mabuku onse tatchulawa adasindikizidwa kunja ndipo adalembedwa m'Chingerezi. Nthano zathu zili m'mitu ya agogo, ndipo gogo akatisiya amapita nazo. Mwana wa ku Ntchisi amene akufuna kuona m'buku mtondo, nkhokwe ndi chitsime cha kwawo, mawu ake ali a Chichewa, akudikira winawake kuti amulembere. Winawakeyo akhoza kukhala inuyo.

Ntchito za m'kalasi

Ntchito 1: Komiti yopereka mphoto

Khalani m'magulu a anthu 5. Pezani mabuku a zithunzi 4 kuchokera ku laibulale ya pasukulu, ku National Library Service ngati ili pafupi, kapena ku pulayimale yoyandikana nanu. Akasowa, gwiritsani ntchito mabuku amene mupange mu Ntchito 3. Buku lililonse lipatseni malikisi kuyambira 1 mpaka 5 pa mfundo izi: luso la kajambulidwe, kugwirizana kwa mawu ndi zithunzi, kukoma kwa nkhani ikamawerengedwa mokweza, kuyenerera kwa mwana wa zaka 5 mpaka 8. Malikisi onse ndi 20. Sankhani buku limodzi lopambana ndi lina lopatsidwa ulemu. Mlembi wa gulu afotokozere kalasi zifukwa zake. Yankho loti "langotisangalatsa basi" sililoledwa.

Ntchito 2: Kuwerenga chithunzi

Khalani awiriawiri. Phimbani mawu onse ndi kapepala. Mmodzi afotokoze nkhani poona zithunzi zokha, winayo azilemba. Kenaka vundukulani mawu. Lembani zinthu zitatu zimene zithunzi zanena koma mawu sadanene, ndi chinthu chimodzi chimene mawu anena koma sichingajambulike.

Ntchito 3: Kupanga buku

1. Pemphani agogo, amalume kapena azakhali anu kuti akusimbireni nthano imodzi. Lembani dzina la mudzi umene mwaimva.
2. Ifupikitseni kuti isapitirire mawu 200. Chilichonse chimene chingaoneke pachithunzi chichotseni m'mawu. Ngati Kalulu wavala chipewa, musalembe, jambulani.
3. Sanjikizani mapepala 4 a A4, apindeni pakati ndi kuwasoka ndi singano ndi ulusi. Mupeza masamba 16. Chikuto dulani pa katoni.
4. Musanayambe kujambula, gawani nkhani tsamba ndi tsamba papepala lapadera. Chodzidzimutsa chilichonse chiikeni kuseri kwa tsamba, kuti mwana achipeze akatembenuza.
5. Penti akasowa, makala, dothi lakatondo, masamba ofinya ndi tizidutswa ta chitenje zilipo. Phala la ufa wachinangwa limamata bwino.
6. Patsamba limodzi yesani njira yachitatu ija: chithunzi chiulule zimene mawu abisa.

Wodziwa kulemba agwirizane ndi wodziwa kujambula. Mutu umodzi susenza denga.

Ntchito 4: Kuwerengera ana

Aphunzitsi anu akapemphe chilolezo ku pulayimale yapafupi kuti mukawerengere ana a Sitandade 1 kapena 2. Ana akhale pansi mozungulira, inu mugwire buku moyang'anitsa kwa iwo. Yambani ndi chikuto: "Mukuona chiyani apa? Mukuganiza kuti kuchitika zotani?" Sinthani mawu malinga ndi wolankhula, pakuti Fisi salankhula ngati Kalulu. Musanatembenuze tsamba imani pang'ono kuti alosere. Ngati nthano ili ndi nyimbo, aphunzitseni kuvomera. Mnzanu akhale pambali n'kumalemba pamene ana aseka, pamene akhala chete, ndi pamene ayamba kuyang'ana panja. Mukabwerako yerekezani zimene mnzanuyo walemba ndi malikisi a komiti yanu. Kodi ana agwirizana nanu?

Chitsanzo cha kayankhidwe

Funso: Fotokozani khalidwe limodzi la Manyara ndipo perekani umboni.

Yankho lofooka: Manyara ndi woipa.

Yankho labwino: Manyara ndi wodzikonda. Izi zikuoneka pamene akuzemba usiku kuti akafike kwa mfumu mbale wake asanafike, komanso pamene akumana chakudya kamnyamata kanjala m'nkhalango.

Kusiyana kwake mwakuona? Tchulani khalidwe lenileni, kenaka sonyezani pamene likuonekera m'nkhani. Kayankhidwe n'komweko ngakhale funso litachokera m'nthano yaitali kapena m'sewero.

Mafunso obwereza

1. Kodi buku la zithunzi limasiyana bwanji ndi buku wamba lokhala ndi zithunzi?
2. N'chifukwa chiyani mabuku ambiri a zithunzi amakhala ndi masamba 32?
3. Fotokozani njira zitatu za mmene mawu ndi zithunzi zimagwirizirana, ndipo perekani chitsanzo pa njira iliyonse.
4. Kodi Mendulo ya Caldecott imaperekedwa kwa yani, ndipo idayamba chaka chiti?
5. Perekani chifukwa chimodzi chimene buku labwino lingasowere chidindo cha mphoto.
6. Sonyezani mmene kubwereza kwagwirira ntchito m'nkhani ya ana a Mufaro.
7. "Bambo Mufaro nawonso ali ndi mlandu pa khalidwe la Manyara." Vomerezani kapena tsutsani popereka mfundo ziwiri.
8. Lembani ndime imodzi yofananitsa nkhani ya ana a Mufaro ndi nthano ina imene mudaimva kwanu.

Kumbukirani: buku limene mwapanga mu Ntchito 3 lisakathere m'chikwama. Aphunzitsi akalichonga, kalipatseni mwana wa kwanu ndipo mumuwerengere madzulo omwewo.